A Wikus Kumbuyo kwa Chimphona

A Wikus Labuschagne ankakonza mapaipi a madzi ku Benoni. Mkazi anawachokera kalekale, ana analibe. M'galaja mwawo simunkagona galimoto; munali tebulo lalitali lomwe anakhoma okha n'kulijambula timabokosi pamwamba. Lamlungu lililonse masana, kwa zaka khumi ndi zinayi, tinkakumana pamenepo anthu asanu kusewera masewera a nkhondo, tidole tathu pa timabokosi, madayisi m'manja, soseji ya boerewors ikupsa panja.

Kadole ka a Wikus kanali msilikali wa chishango, dzina lake Brakk. Pa malamulo onse a masewerawa, iwo ankakonda limodzi: mdani mukamuika pakati, wina kumaso wina kumsana, nonse mumaponya madayisi awiri n'kutenga lalikulu. Koma kuti ufike kumsanako umayenera kuzungulira, ndipo pozungulirapo ndi pomwe umamenyedwa. Wozungulira anali Brakk nthawi zonse. Wobaya komaliza n'kuomberedwa m'manja anali Vuyani, wogulitsa inshuwalansi, mwini kadole ka mipeni iwiri.

"Iwe Vuyani, ndamugwira uyu," ankatero a Wikus. "Kapena ukudikira kalata?"

"Madala, inu ntchito yanu ndi kumenyedwa," Vuyani ankayankha. "Mutu wanuwo ndi wa konkire."

A Wikus ankaseka koposa tonse.

Lamlungu lina m'nyengo yozizira, Priyen, yemwe ankayendetsa nkhani ya masewerawo n'kumalamulira adani, anatiikira chimphona pa mlatho. A Wikus anaweramira pa tebulo, magalasi pamphuno, n'kuwerenga timabokosi ndi chala. Brakk anazungulira. Anamenyedwa kawiri ndi chibonga, koma anafika kumbuyo kwa chimphona moyo utatsala pang'ono.

Inali nthawi ya Vuyani. Anachotsa maso pa foni, anayang'ana tebulo, n'kubweza kadole kake timabokosi tinayi kumbuyo.

"Aise, malo ako ndi awa," anatero a Wikus, akuloza kumaso kwa chimphona.

"Ayi madala. Chinthucho chingandiphwanye."

"Ine chakhala chikundiphwanya zaka zingati?"

Vuyani anangokweza mapewa. Priyen anaponya madayisi a chimphona poyera, tonse tikuona. Brakk anafera pomwepo.

Mwina zikanathera pamenepo. Koma Priyen, pofuna kuziziritsa mitima, anati, "Komanso lamulo loika mdani pakatili tinagwirizana kale zolichotsa. Limachedwetsa masewera."

"Munagwirizana? Liti?"

Tinali ndi gulu la pa foni la anthu anayi, lopanda a Wikus, ndipo ine ndinalimo. Tinkadandaulamo kuti madala akuchedwa kuwerenga timabokosi, kuti maso awatha, kuti m'galaja mumazizira. Ine ndi amene ndinalemba kuti akamaganiza, munthu ukhoza kukameta n'kubwera.

A Wikus anatiyang'ana mmodzimmodzi. Anatola Brakk, anamupukuta pa malaya, n'kumuika m'thumba. Kenako anatuluka kukatembenuza soseji. Anatigawira m'mbale monga mwa masiku onse, ndipo ife, opanda manyazi, tinadya.

Mwezi wotsatira tinasamutsira masewera kunyumba kwa Priyen ku Edenvale. A Wikus tinawauza kuti tayamba tapuma kaye. Sanafunse kuti mpaka liti, ndipo sanaimbirepo aliyense wa ife.

Kumeneko masewera ankathamanga ndithu. Aliyense ankaima payekha n'kumamenya zake, nkhondo n'kutha msanga, kenako tonse maso pa foni. Chaka chisanathe gululo linafa lokha.

Nditamva kuti a Wikus mawondo awakanika ndipo akugulitsa nyumba kuti akakhale kwa mlongo wawo ku Kimberley, ndinapita. Mawu opepesa ndinawakonza njira yonse. Ndinawapeza akumanga makatoni pakhonde. Anabwera pageti akutsimphina, koma loko sanamukhudze.

"Bambo Ferreira," anatero. Munthu amene kwa zaka zonsezo ankanditchula kuti iwe. "Kuli mpope wotayikira kwanu?"

"Ayi, a Wikus. Ndimangofuna ticheze pang'ono. Zija zinachitika zija..."

"Ngati si mpope, ndatanganidwa."

Anabwerera ku makatoni awo. Ndinaima pagetipo kanthawi, galu wa pafupi akundiuwa, kenako ndinakwera galimoto. Anasamuka Loweruka la sabata yomweyo, ndipo nambala yawo yatsopano palibe amene anapatsidwa.