Mandasi a m'buku la Takondwa

Lachiwiri m'mawa ndinagula mandasi kwa amake Takondwa, pafupi ndi pokwerera mabasi pano pa Mbamba Bay. Ndi mayi wamasiye, anachokera ku Nkhotakota kalekale monga ine, ndipo mandasi awo ndinawazolowera moti ndikawaphonya tiyi sakoma.

Tsikulo anandikulungira m'pepala lachilendo, lochindikala, lokhakhala ngati chikhatho cha mlimi. Nditalifunyulula kunyumba ndinaona timabowo ta singano titandandana pakati pake. Pepalalo ndinalidziwa nthawi yomweyo.

Takondwa ndi mwana wawo wamkazi, amaphunzira zaluso ku koleji ina ku Dar es Salaam. Tchuthi chonsechi wakhala akupanga buku loti akapereke kwa aphunzitsi ake, ndiwo mayeso ake otsekera chaka. Sindikunena kulemba ayi, kupanga. Ankatola matumba otha simenti ku doko la Ndumbi, kuwanyika m'madzi pamodzi ndi luzi la nthochi, kusinja mumtondo, n'kuyanika pepala limodzilimodzi padzuwa. Kenako anasoka bukulo ndi ulusi umene malemu bambo ake anasiya, akumanga mfundo zomwe zija bambowo ankamanga posoka ukonde.

Anandionetsa sabata yatha. Ukatsegula pakati, pepala lodulidwa mwaluso linkadzuka lokha n'kukhala bwato, munthu ali m'menemo nkhafi ili m'manja. "Amenewa ndi ababa, amalume," anatero akumwetulira.

Tiyi ndinamusiya, ndinathamangira kwawo. Ndinapeza Takondwa ali pakhonde, chikuto chokhachokha chili pamwendo, tizidutswa ta ulusi tili mbwee pansi. Amake anali atabwerako kogulitsa, ataima pakhomo manja ali kunkhongo.

"Achemwali, mwatani kodi?" ndinafunsa.

"Achimwene, ine ndimati ndi mapepala chabe," anayankha. "Munalibe cholembedwa ngakhale chimodzi. Azaumoyo aja anati inki ya nyuzipepala imadwalitsa anthu, ndiye nditaona opanda inki ndinati bahati yanga, mwayi wanga lero. Ndinangodula ulusi ndi lezala."

"Nanga la bwato lija?"

"Lodukaduka lija? Ndinayatsira mbaula. Silikanakulunga kanthu."

Ndinakwiya, sindibisa. Koma ndikanakalipira ndani? Mayi amene amalawira kukazinga kuti mwana yemweyo aphunzire? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwo anangochita zimene tonsefe kuno timachita.

Kwa ife pepala lili ndi ntchito ziwiri. Likakhala ndi chidindo timalisunga pansi pa matiresi. Likakhala lopanda chidindo n'lokulungira usipa kapena kuyatsira moto. Buku lopanda mawu ndiye sitilidziwa n'komwe, ngakhale munthu atalisoka mpaka zala kutupa.

Ndipo musaloze amake Takondwa okha. Mwana akaumba ng'ombe ya dothi timati akudetsa zovala. Akapinda waya n'kupanga galimoto timati pita ukatunge madzi. Akakula n'kunena kuti akufuna kuphunzira zaluso, timafunsana m'makona kuti kodi unamwino unamukana?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti Takondwa ankagwira ntchitoyi pabwalo, poyera, mwezi wathunthu. Anansi ankadutsa n'kumamuseka: "Pole dada, pepa chemwali, koleji yonseyo n'kudzasinja zinyalala?" Amake ankamulambalala tsiku lililonse ndi beseni pamutu. Palibe amene anaima n'kufunsa kuti mwanawe, ichi n'chiyani. Mtsikanayonso anazolowera kusekedwa, ndiye anasiya kufotokoza. Nyumba imodzi, mayi sadziwa kuti mwamuna wake ali m'bukumo.

Tikadandaula kuti ana athu ophunzira sabwerera kunyanja kuno, timati tauni yawameza. Mwina. Koma mungabwerere inu kumene ntchito ya manja anu amaiona ngati chokulungira?

Basi ya Takondwa inyamuka Loweruka. Mvula yayamba, ndipo mapepala amenewa popanda dzuwa sauma. Ndinamuuza kuti apitebe akafotokoze kwa aphunzitsi, mwina adzamva.

"Ndikafotokoza chiyani, amalume? Kuti mayeso anga adyera mandasi?" anatero. "Mapepala ndingapange ena chaka cha mawa. Koma ulusi wa ababa unali womwewo."

Amake atamva zimenezo anakhala pansi n'kuyamba kutola tizidutswa tija, akuyesa kutilumikiza, misozi ikutsika. Madzi akatayika saoleka, ndipo onse awiri ankadziwa.

Ndinatulutsa pepala langa lija m'thumba n'kumubwezera mwini wake. Analitembenuza, anaona mafuta atalowerera mbali zonse, kenako anawapatsa amake mwaulemu ndi manja awiri. "Kulungirani ena, amayi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Inu amene mwana wanu wakhala chete pakona akupinda, akudula, akusoka kanthu kamene simukukamvetsa, munamufunsapo kuti n'chiyani? Kapena mukungodikira kuti achoke, mupeze choyatsira mbaula?