Chisoti Chasiliva Chimene Achemwali Simunabweze

Dandaulo loyamba la chisoti changa chasiliva ndinalemba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pepalalo ndikadali nalo. Dzulo ndinachionanso chisoticho pa chithunzi cha ukwati wanu, achemwali.

Tikukhala kunja, mumzinda wa Silver Spring muja, amayi a mtundu wa Chitukimeni oyandikana nafe anandiveka chisoti chasiliva cha miyala yofiira. Anati n'cha mtsikana wosakwatiwa, ndipo timaunyolo take tikamalira timathamangitsa zoipa. Ine ndinkapukusa mutu tsiku lonse kuti jakisoni wa kusukulu asandipeze.

Inu munati, "Iwe, tabweretsa, ndingojambulitsa." Munakwatiwa nacho, chosayenera n'komwe mkwatibwi!

Nditakula ndinamva kuti chinali cha mwana womwalira wa amayi aja. Ndikupempha mundiyankhe molemba: chili kuti?