Dzinja limene mapazi anga sankamva

Fungo la masamba a bulugamu owiritsa limandibwezera ku dzinja la chaka chimene ndinasiya shikola ndili m'kalasi yachinayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Chiputo. Ndinali nditangobwera kuchokera ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kumene miyendo yanga, imene inafa mwadzidzidzi, inayamba kudzuka pang'onopang'ono. Adotolo anati mtsempha waukulu wa mumsana unali utatupa. Ndinabwerera kwathu ndikuyenda ndi ndodo, koma mapazi anali ndi dzanzi ngati si anga. M'akatumba munkayenda tinyerere tosaoneka, m'chiuno munkakhala ngati wina wandimanga lamba wothina, ndipo mkodzo ukati wabwera sunkadikira kuti ndifike kuseri kwa nyumba. Manyazi amenewo ndiwo ankandiwawa kuposa zonse.

Adotolowo sanalonjeze kanthu. Anauza amayi kuti matendawa mwina apitiratu, mwina abweranso, ndipo dzanzi likadzakwera kupitirira mawondo tidzathamange osadikira mawa. Koma kuthamanga kwake kodzera pati? M'dzinja mtsinje wa pakati pa ife ndi msewu wa ku Fingoe ukadzaza, ngakhale oyendetsa mota, njinga zamoto zija, olimba mtima ankabwerera. Choncho m'mawa uliwonse amayi ankandikhazika pakhonde, n'kutenga munga wa mthethe, n'kumandibaya pang'ono kuyambira ku zala kukwera m'mwamba. "Apa?" Ndinkapukusa mutu. "Nanga apa?" Abambo ankakhala chapatali akunola khasu lakuthwa kale, khutu lili kwa ife.

Kenako kunagwa mvumbi wosakata. Nkhuni zinanyowa, zofunda zinayamba kununkha chinyezi, ndipo dzanzi linakwera. Munga umene ndinkaumva pakakolo unafika pakati pa msongolo ndisanaumve, ndipo m'mawa mwake unatsala pang'ono kufika pabondo. Abambo anapita kukaona mtsinje, n'kubwerako atanyowa mpaka m'chiuno. Amayi anafunda nsalu ya kapulana kumutu n'kuuyamba wa kumudzi wina, kukachonderera bambo wa mota kuti mwina akudziwa njira yozungulira. Ine mantha anandigwira, poti ndinkakumbukira bwino kugona chagada osatha kudzitembenuza.

Ndinatsala ndi azakhali anga a Anastaziya, alongo awo a abambo, amene anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo n'kubwerako akudziwa mankhwala a nthenda iliyonse, ngakhale imene sanaionepo. Ankandikonda zedi. Kwa iwo nkhaniyi inali yapafupi: miyendo yalowa mphepo, ikufunika kuthowa, monga ankachitira ndi aliyense wobinya phazi kapena wotupa bondo. Anawiritsa bulugamu, n'kuthira m'basiya, n'kuviika nsanza ndi kamtengo chifukwa dzanja lawo silikanapirira. "Zikatentha unene, mwanawe," anatero. Sindinanene, chifukwa sizinatenthe. Ndinkangoonerera nthunzi ikukwera. Ataona kuti ndili phee, anati ndiye kuti madzi azizira. Anawonjezera ena owira, n'kundiviika mapazi onse awiri, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Amayi anatipeza choncho. Anali atalephera kwa wa mota uja, matope ali m'miyendo. Anayang'ana basiya, n'kundinyamula. Mapazi anali atafiira, ndipo pasanapite nthawi panatuluka matuza akuluakulu. Ndinkadikira mkangano, koma amayi anangoti chapansipansi, "Alamu, mwanayu samva." Azakhali anakhala pansi pamatope pomwepo, manja kumutu, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Ine ndinkangoyang'ana matuzawo modabwa, ngati ali pa mwana wina.

Tsopano mavuto anali awiri, mtsinje uli wodzaza. Amayi ankawiritsa madzi a mchere, n'kuwasiya azizire, n'kuwayesa ndi chigongono asananditsuke zilonda. Ntchentche zinkativutitsa. Phazi lamanzere linayamba kafungo kamene tonse tinkakamva koma palibe ankakatchula. Munga unkaimabe pansi pa bondo, osakwera, osatsika. Udzu unakula m'munda chifukwa abambo ankangoyenda pakati pa nyumba ndi mtsinje, ndipo azakhali ankatibweretsera nkhuni zouma n'kuzisiya pakhomo, osalowa.

M'mawa wina amayi akuchotsa kansalu kamene kanamatirira pachilonda cha phazi lamanja, moto unandilasa kuchokera kuchidendene mpaka m'mutu. Ndinakuwa, n'kukankha basiya, madzi n'kutayika. Amayi anaima osagwedezeka. Kenako anagwira phazilo, n'kudina dala m'mbali mwa chilonda ndi chala chachikulu. "Amayi, mukundipweteka!" ndinalira. Iwo anaseka. Anaseka mokweza misozi ili mbwembwembwe, akuitana abambo, "Bambo a Rozinya, bwerani msanga! Akumva!" Abambo anabwera akuthamanga, azakhali analowa m'nyumba koyamba chichitikire ngozi ija, akululutira. Ine ndinakwiya koopsa. Anthu atatu akuluakulu akusangalala ine ndikufa ndi ululu! Tsiku lonselo sindinawayankhule amayi, ndipo chakudya ndinalandira kwa azakhali, amene anandiwotcha aja.

Mtsinje utaphwera anandikweza pa mota mpaka ku Fingoe. Anamwino anatsuka zilonda, n'kutikalipira tonse, koma nawonso sanathe kunena ngati matendawo apita. Mpaka lero palibe amene anandiuzapo zimenezo. Phazi lamanzere silinadzuke lonse, ndipo kukazizira tinyerere timayendabe m'miyendo, ine n'kuyamba kuopa kuti matenda aja abweranso.

Ndili mwana ndinkaona ngati amayi anandichitira nkhanza m'mawa umenewo, ndipo ndinasunga kachakukhosi kwa nthawi ndithu. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kulimba mtima kumene kumafunika kuti mayi adine dala chilonda cha mwana wake. Dzinja lonselo amayi anafunsa adotolo, anafunsa wa mota, anafunsa Mulungu, popanda wowayankha. Kulira kwanga ndiko kunali yankho lokhalo limene analandira.