Chaka Chimene Ndinathamanga ndi Mtsuko

Masewera a pa Boma anayamba ine ndikadali mtsikana. Nthawi imeneyo sitima za pamadzi zinkakwera Shire ndi katundu, ndipo padoko pankadzaza amuna odikira ntchito: amtengatenga, opalasa ngalawa, asilikali, ndi amachila, aja ankanyamula azungu m'nsalu yomangirira kumtengo. Amuna ochuluka chotero akakhala chabe sachedwa kumenyana. Akuti n'chifukwa chake mzungu wina wa pa Boma anatchetchetsa bwalo, nazika mbendera ziwiri, nati amene ali ndi mphamvu azikazionetsa pamenepo. Kaya zinayambadi choncho, ine sindidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti poyamba kunkakhala anthu a padoko okhaokha, koma patapita zaka pang'ono kunkabwera dziko lonse.

Ankachita kamodzi pachaka, mapira atalowa m'nkhokwe, madzi atabwerera mumtsinje. A ku Tengani ankabwera wapansi, a ku Marka pangalawa, a ku Katunga ankanyamuka kukadali masiku, kamba ali kumutu. Panali liwiro lalifupi ndi lalitali, kudumpha bango, kuponya nthungo, ndi kukokana chingwe mudzi ndi mudzi. Kumbali amayi ankayala nyika zophika, timizu ta m'madambo tija, ndi milamba yowamba. Tinafika powerengera zaka pamenepo. Munthu ankati, mwanayu anabadwa chaka chija chingwe chinaduka, ndipo aliyense ankadziwa chaka chake. Anyamata ofuna banja ankapita kukaona atsikana. Ankhoswe okhala motalikirana akakhala ndi mlandu ankangoti tidzakambe pa masewera, poti kumeneko palibe ankasowa.

Amuna anga ndinawaona koyamba pabwalo lomwelo. Anali Msena wa ku Marka, wantchito ya machila, wamfupi ndi wa mapewa okakala ngati khungwa la mtengo. Pa liwiro lalifupi ankatsalira kumbuyo. Koma pa lalitali, lochokera padoko kukazungulira mlambe wa kumsika n'kubwerera, panalibe wowapeza. Anthu ankaseka kathamangidwe kawo, ankati akuthamanga ngati bakha. Iwo sankakwiya. Ankawasiya aseke, kenako ankawadutsa mmodzimmodzi pamene ena aja ayamba kugwira nthiti.

Titakwatirana anandiuza chifukwa chake. Wamachila sathamanga ngati anthu ena, chifukwa amene wagona m'nsalumo akagwedezeka, chikoti chimatera pamsana pa wonyamula. Choncho amapinda maondo pang'ono, phazi salikweza, limangoseserera pafupi ndi nthaka, ndipo phewa limayenda ngati ngalawa pamadzi odekha. Wakutsogolo amaitana, akumbuyo amavomera ndi mawu a m'chifuwa, kuti mapazi onse azitera pamodzi. Tsiku lina anandipeza ndikuchokera kumtsinje, madzi akundikhavukira kumsana ngakhale ndinali nditaika masamba mumtsuko. Anaseka nati ine ndimatungira njira, osati nyumba.

"Iwe umayenda ndi mutu," anatero. "Yenda ndi maondo, mutu usadziwe kuti uli paulendo."

Ndinawauza kuti akaphunzitse azungu awo. Komabe ankati akabwera kuulendo amanditsatira kumtsinje, pobwerera iwo patsogolo akuitana, ine pambuyo ndi mtsuko ndikuvomera, amayi anzanga akugwa ndi phwete m'mabango. Anali masewera athu awiri. Sindinkaganiza kuti ndikuphunzira kanthu.

Tinabereka mwana mmodzi wamkazi. Atayamba kuyenda bwino, inabwera nkhondo ya Jeremani. Amesenjala anayenda m'midzi kutenga amuna oti azikanyamula katundu wa asilikali, ndipo amachila anali oyamba kutengedwa. Masewera analeka. Bwalo linamera udzu, mbuzi zinkadya pamene pankaima mbendera.

Amuna anga sanabwerere. Amene anabwerera anali mnzawo wa mtengo umodzi, uja ankagwira kumbuyo iwo akamagwira kutsogolo. Anafika akutsimphina, zala za kuphazi zitatha. Anakhala pakhomo panga nati mnzake anadwala kamwazi kumapiri a kumpoto ndipo anamuika pambali pa njira. Manda ake sangawapezenso, anatero, poti njirazo zinali zambiri. Abale anabwera, tinakulunga thunthu la nthochi mumphasa n'kuliika m'manda monga timachitira munthu akafera kutali. Anandimeta, ndinavala biriwita, nsalu yakuda ija.

Nthawi ya maliro itatha ndinayenera kudzuka, koma sindinadzuke. Sindinkalira kwambiri. Ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana njira. Munda unamera thengo. Mwana ankadya m'makomo mwa anthu, mutu wake unadzaza nsabwe, ine ndikuona koma manja osafuna kugwira. Kenako kunadutsa fuluwenza, aliyense anatanganidwa ndi maliro ake, ndipo panalibe wondidzudzula.

Mbiri inafika ku Marka. Kunabwera mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, munthu wanthabwala amene kale tinkanyozana naye ngati ana. Ulendo uno sanaseke. Anayang'ana munda, anayang'ana mutu wa mwana, nati kwawo anapereka chuma pondikwatira, choncho pamwambo wa Asena mwanayo ndi wawo. Ine ngati ndifuna nditsagane nawo, ngati sindifuna nditsale, koma mwana apite. Atsibweni anga, amene anali nkhoswe yanga, anapempha kuti nkhaniyo idikire. Boma linali litalengeza kuti masewera ayambiranso chaka chimenecho, ndipo akuluakulu a mbali zonse akanakumana kumeneko.

Mlamu atapita, atsibweni anandiuza mosabisa kuti alibe mawu okandiikira kumbuyo. Anati mwana wolereka bwino Asena amatha kumusiya kwa mayi ake, koma munda wanga ndi mutu wa mwanayo zayankhula kale.

M'mawa mwake ndinatenga mtsuko. Miyendo inali ngati ya munthu wina. Ndinatunga madzi, ndinamusambitsa mwana, ndinamuchotsa nsabwe. Masiku otsatira ndinabwereka khasu n'kukabzala chimanga ndi mbatata kudimba kumene madzi anali ataphwa. Ndipo tsiku lina pobwera kumtsinje, popanda kuganiza, ndinapeza maondo apinda okha, mapazi akuseserera. Ndinaima panjira. Panalibe woitana kutsogolo. Ndinavomera ndekha chapansipansi n'kupitirira, ndipo ndinafika pakhomo msana uli wouma. Kuyambira pamenepo ndinkabwera choncho tsiku lililonse.

Tsiku la masewera anthu anachuluka, koma amene ankadziwa zakale ankaona mipata. Midzi ina inalephera kukwanitsa amuna okoka chingwe. Ife tinakhala pansi pa msangu kumapeto kwa bwalo: akuluakulu a ku Marka ndi mlamu mbali ina, atsibweni ndi ine mbali ina, mwana atatsamira pamwendo panga. Atsibweni anafotokoza za dimba. A ku Marka anamvetsera mwaulemu, koma anati dimba la mwezi umodzi silifafaniza zaka. Ndani angadziwe kuti iwo akangotembenuka sindidzabwerera pakhonde paja? Mlamu anayankhula motsitsa mawu, osati mwankhanza.

"Alamu, ndinene zoona. Inu munapita limodzi ndi achimwene. Chatsala pano ndi nsalu yakudayi. Mwana sangaleredwe ndi nsalu."

Ine pakamwa sindinakhalepo wochenjera. Nthawi yomweyo lipenga linalira, mesenjala nayamba kuitana amayi a mitsuko. Liwiro limeneli linayamba nkhondo isanabwere, ndipo linali la chiseko: amayi ankathamanga ndi mitsuko yodzaza pamutu, osaigwira, kukazungulira mbendera yakutali n'kubwerera. Wopambana anali woyamba kufika madzi akadali m'khosi mwa mtsuko. Ine ndinali ndisanalowepo. Ndinamuchotsa mwana pamwendo n'kuimirira.

"Mukupita kuti, alamu, nkhani isanathe?"

"Kukatunga madzi," ndinatero.

Mitsuko inali ya pa Boma, yofanana, ndipo asilikali anali ataidzaza kale. Amayi ena anabwera ndi nkhata zawo. Ine ndinalibe. Ndinamasula kansalu kakuda kamene ndinkamanga kumutu chichitikire maliro, ndinakapota n'kukhala nkhata. Amayi amene anaima pafupi nane anayang'anizana. Wina anandinong'oneza kuti wamasiye sachita zimenezi pagulu. Ndinamuuza kuti andisenzetse mtsuko pamutu, ndipo anandisenzetsa.

Mbendera itagwa onse anachoka ngati mbawala, ambiri anali atsikana a miyendo yaitali. Ine ndinapinda maondo. Posakhalitsa ndinali ndekha kumbuyo, ndipo chiseko chinayamba kumene ndinkadutsa. Ena ankati mayiyu waponda minga, ena ankati wamwa. Mwamuna wina anakuwa kuti taonani bakha. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndinali nditawamva kale pabwalo lomweli, akunenera munthu wina.

Sindinali ndekha amene ndinawakumbukira. Kuchokera m'khamu la kumanzere kunamveka kuitana kuja kwa amachila, mawu okalamba, osasa. Sindikanatha kutembenuza mutu, koma ndinawadziwa: anali mnzawo wa amuna anga, wotsimphina uja. Iye moyo wake wonse anali wovomera kumbuyo, tsiku limenelo ndiye anaitana. Anaitananso kachiwiri. Kenako tsidya lina la bwalo wina anavomera, ndi winanso, amuna ochepa chabe mwa ambiri amene anapita. Mapazi anga anagwira mawuwo okha. Chiseko chinayamba kuzilala.

Pa mbendera yakutali m'pamene panali ntchito. Atsikana ankafika ndi liwiro lonse n'kukhota mwadzidzidzi, madzi n'kupitirira okha. Mtsuko wina unagwa n'kusweka, mwiniwake anakhala pansi akuseka. Wina anagwira wake ndi manja, mesenjala n'kumuchotsa. Pansi panali matope. Ine ndinazungulira patali, monga amachitira amachila pokhota ndi mtengo wautali, ndipo pobwerera ndinayamba kuwadutsa. Chifuwa chinkawotcha. Koma kuitana kuja tsopano kunali kutagwira bwalo lonse, ngakhale ana ndi amayi amene sanagwirepo machila ankavomera, ndipo sindikanatha kuleka ngakhale ndikanafuna.

Sindinafike woyamba. Mtsikana wina wa ku Tengani anandiposa ndi mapazi angapo, nsalu yake ili chonyowa mpaka m'miyendo. Kapitawo amene ankaweruza anapisa chala mumtsuko wake, chinatuluka chouma. Anabwera kwa ine, anapisa, ndipo madzi anasefukira n'kunditsikira pamphumi. Anakweza chalacho kuti onse aone. Phokoso limene linabuka sindinalimvenso kwina kulikonse. Mtsikana wa ku Tengani uja ndiye anayamba kululutira.

Anafuna kunditula kuti ndikalandire mphoto, koma ndinakana. Ndinayenda ndi mtsuko womwewo, anthu akupatuka, mpaka pansi pa msangu. Ndinagwada pamaso pa mlamu, atsibweni ananditula, ndipo ndinapempha chikho kwa mayi wina wogulitsa thobwa. Ndinatunga n'kupatsa mlamu ndi manja awiri.

"Madzi aja ndi awa, alamu."

Analandira koma sanamwe msanga. Maso ake anali ofiira. Anati pamene ndinkabwerera kuchokera ku mbendera, iye anaona achimwene ake, mapewa omwewo, mapazi omwewo. Anamwa chikho chonse, napereka kwa akuluakulu kuti nawonso amwe. Anayankhulana pang'ono m'Chisena chapansipansi. Kenako wamkulu wawo anauza atsibweni kuti mlandu nkhabe, kutanthauza kuti palibe. Mwana akhale ndi mayi ake, koma nyengo ya mango azibwera ku Marka kuti adziwe kwawo kwa bambo ake. Atsibweni anaomba m'manja. Mwana sanamve zonsezi, ankangofuna kudziwa ngati mtsukowo ndi wathu tsopano.

Mlamu anapukuta kumaso, nthabwala zake n'kubwerera. Anati akanadziwa kuti achimwene anasiya wamachila m'nyumba, akanabwera ndi mtengo kuti ndimunyamule mpaka ku Marka. Ndinamuuza kuti wolemera ngati iye ndikanakamutula m'dambo la Dinde ng'ona zikamuone. Aka kanali koyamba kuseka ine chichokereni amuna anga.

Mphoto inali khasu latsopano. Ndinalilandira, kenako ndinapita kukafuna wotsimphina uja. Ndinamupeza atakhala pamuzu wa mtengo ndi anzake atatu. Anangoti pokhota paja ndinatenga bwino, mnzake sakanadandaula.

Masewera anapitirira chaka ndi chaka, ndipo sitima za pamtunda zitachuluka anthu ankabwera ochokera kutali kuposa kale. Machila anayamba kutha, anyamata atsopano ankathamanga mokweza maondo monga ankawaphunzitsira kusukulu za mishoni. Koma pa liwiro la mitsuko amayi a kwathu kuno anayamba kuseserera, ndipo khamu linkawaitanira ngakhale ambiri sankadziwa kumene kuitanako kunachokera. Ine sindinalowenso. Mwana wanga anakulira pakhomo panga, nyengo ya mango ankapita ku Marka n'kubwera atanenepa, akuyankhula Chisena kuposa ine. Khasu lija ndinalima nalo mpaka linatsala ngati chikhatho cha mwana, ndipo kansalu kakuda kaja sindinakamangenso kumutu. Kanakhala nkhata mpaka kanatha.