Uthenga wa Mayi Anga pa Wailesi ya Kwathu

Mayi anga anafika kumsasa wa othawa kwawo wa ku Luwani nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, akadali mtsikana. Anathawa ndi mng'ono wawo, koma m'njira anasiyana ndipo sanaonanenso. Msasa utatsekedwa, anzawo anabwerera kwawo. Iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa ndi bambo anga. Za mng'ono wawoyo sankazikambakamba. Ine ndinazimva ndili wamkulu kale, tsiku lina tikutong'ola chimanga.

Pakhomo pathu wailesi inalipo kuyambira kalekale. Bambo ankaipachika pamsomali wa pakhonde, n'kumamvera za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Dzina la boma lathu la Neno linkatchulidwa mwa apo ndi apo, makamaka msewu ukaduka m'dzinja. Kenako kunatsegulidwa wailesi ya m'boma lathu lomwe lino. Oulutsa mawu ake anali ana akonkuno, ena ndinaphunzira nawo sukulu. Tinayamba kumva za mbuzi zosochera, za tsiku la sikelo ku Midzemba, za maliro a ku Matope. Mayi, amene ankati wailesi ndi ya azibambo, anayamba kuinyamula popita kudimba.

Tsiku lina tili kudimbako, bambo wina anaimba foni pa pulogalamu ya malonje, n'kunena kuti akuimba ali kutsidya kwa malire. Mayi anasiya kuthirira.

"Kodi imamveka mpaka kwathu?"

"Zikuoneka choncho, amayi," ndinatero.

Anapitiriza kuthirira. Mwezi usanathe anandiuza kuti ndiwaperekeze kuboma.

Wailesiyo tinaipeza ili m'kanyumba kakang'ono kwambiri, kosagwirizana ndi kukula kwa mawu ake. Mtsikana amene anatilandira anamvetsera nkhani yonse osawadula pakamwa. Ine ndinapempha kuti uthengawo aulengeze iyeyo, koma anakana.

"Mulankhule nokha, amayi. Mayina amafanana, koma mawu anu m'bale wanu sangawaiwale."

Mayi anakhala pansi, manja ali pamiyendo ngati ali m'tchalitchi. Anatchula mudzi wawo, dzina la bambo awo, ndi mtsinje umene anasiyanirana ndi mng'ono wawo. Akulankhula, lilime linabwerera ku kalankhulidwe ka kwawo, kamene ine mwana wawo ndinali ndisanakamvepo.

Uthengawo unaulutsidwa kangapo. Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira, koma kunali zii. Anthu a m'mudzi okha ndiwo anasintha. Amayi ena amene anakhala nawo zaka zonsezi osadziwa kanthu ankabwera kudzacheza, n'kumafunsa ngati kwamveka chilichonse. Mayi ankangoti, "Tidikire basi."

Chimanga chikumasula, mtsikana wa kuwailesi uja anandiimbira foni. Anati kwaimba mayi wina wogulitsa mbatatesi kumalire, amene akuti dzina la bambo awo a mayi lomwe linatchulidwa lija ndi la agogo ake. Mng'ono wa mayi anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Woimbayo anali mwana wake.

Ndinavutika kuti ndiwauza bwanji. Nditawauza, anafunsa, "Ndiye kuti anakula, eti? Anabereka?"

"Anabereka ana anayi, amayi."

"Ine ndinkayesa anafera pamtsinje pomwe paja."

Mwanayo anabwera Loweruka lina pa njinga yamoto, atanyamula kathumba ka mbatatesi. Mayi sanalire. Anamukhazika pamkeka, n'kumamuyang'ana nkhope, manja, mpaka zala za kumapazi. Iye anafotokoza kuti mayi ake ankapita kumisasa ina kukafunsa za mkulu wawo, koma ku Luwani sanafikeko. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka, ife tikungomvetsera.

Titakolola, ndinawaperekeza kukaona manda. Anazula udzu wa pamtumbira ndi manja, anapemphera, ndipo tinagona konko kwa m'bale wangayo. M'mawa mwake ana ake anatiperekeza mpaka pamsewu, wamng'ono atawanyamulira mayi nkhuku.