Madzi Otentha a Mapisitoni

Dzulo mwana wanga anabwera kuchokera ku galaja akununkha oyilo ndi palafini. Fungolo linandibwezera ku Chimbiya, kuseri kwa nyumba yathu, kumene ababa ankaphwasulira mainjini.

Chaka china, nthawi yachisanu, anawabweretsera kagalimoto ka mphunzitsi wina wokonda liwiro, amene ankafuna kuti kazikwera zitunda ngati kakutsetsereka. Ababa anaitanitsa mapisitoni atsopano a mu injini, aakulu kuposa akale, onyezimira ngati chikho cha pa Misa.

M'mawa wina ndinawaona akutereka madzi pa mbaula, munthu amene sankagwira poto ngakhale amayi adwale. Ndinathamangira sopo ndi beseni, poganiza kuti lero ndipita kusukulu nditasamba madzi otentha. Madzi atawira, anayamba kuviikamo mapisitoni aja, n'kumawanyamula mosamala m'chitenje cha amayi ngati makanda.

"Ababa, nanga ine?"

"Iwe uli ndi magazi, utenthedwa poyenda. Sendera uko, ungandithirire mchenga."

Ndinasamba madzi ogona panja, mano akugundana, iwo akuimbira zitsulozo mluzu. Tsiku limene kagalimotoko kanalira, anthu ogulitsa mbatata pamsewu anaombera m'manja. Ine ndinatseka makutu, n'kumapemphera kuti kakazime pa chitunda choyamba.

Mwana wanga akuti pisitoni ikatenthedwa imafutukuka, pini yake n'kulowa popanda kumenya ndi hamala. Ndamva, sindikutsutsa. Koma madzi aja anatsala theka la poto, akutulukabe nthunzi, ndipo ababa anawakhuthulira pansi ine nditaima pomwepo, sopo ali m'manja.