Manda Anakumbidwa Tili M'mwamba

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Febuluwale, nthawi ili 9 koloko m'mawa, pamene ndinaimbira foni amalume ndili pabwalo la ndege ku Joni. Ndinapita kumeneko kukatenga thupi la mng'ono wanga, amene anamwalira akugwira ntchito yomanga nyumba. Bokosi linali litalowa kale kumimba kwa ndege. Ndinaliona ndi maso anga kudzera pagalasi.

"Auzeni adzukulu ayambe kukumba," ndinatero.

"Bwanji osadikira uyambe watera?" anafunsa amalume ali kwathu ku Magaleta. "Manda sagona opanda mwini wake. Amaitana wina. Ndipo mayi akowa sakudya."

Ndinawawerengera nthawi. Kutera pa Chileka 1 koloko isanakwane, ola limodzi la mapepala, maola atatu ndi theka pa lole kudzera ku Zalewa ndi Lisungwi. Dzuwa lisanalowe tikhala titaika. Amalume anangoti, "Chabwino, wasukulu ndiwe," n'kudula foni.

Pampando woyandikana nane panakhala mayi wina wa geni ya zovala, amene anagona ndege isananyamuke n'komwe. Ine tulo sitinabwere.

Titayandikira, ndege inayamba kutsika, kenako inaleka n'kupendekera kumanzere. Pazenera ndinaona mtsinje wa Shire uli wofiira ndi madzi a mvula, ndi mlatho. Patapita mphindi zingapo ndinauonanso mlatho womwewo. Nditauona kachitatu ndinayang'ana wotchi.

Woyendetsa ndege analankhula m'Chingerezi, ndipo mtsikana wotumikira m'ndegemo anabwereza m'Chichewa. Anati wailesi zonse ziwiri zolankhulirana ndi a pansi zasiya kugwira ntchito, koma injini zili bwino. Anali atatumiza chizindikiro kudzera pakachipangizo kena, moti a pansanja ya bwalo ankadziwa kuti sitikuwamva. Lamulo lake n'lakuti tizungulire pamalo amodzi mpaka nthawi yoikika ikwane, iwo achotse ndege zina m'njira. Kenako adzatiitana ndi nyali: yobiriwira ndiye kuti bwerani, yofiira ndiye kuti dikirani.

Mayi uja anali atadzuka.

"Nyali? Ngati pamaloboti a m'tauni? Inu chemwali, kawauzeni angowaimbira foni anthuwo. Ngati alibe mayunitsi ine ndiwabwereka!"

Anthu anaseka, ena mokweza kupyola muyeso. Kumbuyo wina anayamba kupemphera.

Ine sindinkaopa kugwa. Mwina ndinayenera kuopa, koma m'mutu mwanga munkangomveka makasu. Nthawi imeneyo adzukulu anali atafika m'chiuno, mwinanso atayamba kugoba kachipinda kam'mbali kolowetsamo bokosi. Mapiri akwathu ankaonekera chakumadzulo ndege ikakhota, kenako n'kubisika, kenako n'kuonekeranso. Ndinatulutsa foni yozima m'thumba, n'kuitembenuza, n'kuibweza. Ndinamasula lamba, n'kumanganso. Mawu awiri okha akanakwanira, akuti lekani kaye, koma ngakhale woyendetsa ndege analibe pouzira munthu. Nanga ine?

Mtsikana uja akudutsa ndinamuimitsa.

"Titenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa, bambo. Musamasule lamba."

"Pansipa pali mng'ono wanga. Akumudikira kumanda."

Anayang'ana pansi pomwe ndinaloza, n'kunena kuti pepani. Mayi wa geni sanachitenso nthabwala. Anandipatsa switi, ine n'kungoifumbata.

Tinazungulira pafupifupi ola lathunthu. Nyali yobiriwirayo ine sindinaione. Ndinangomva matayala akutuluka, kenako kugunda pansi, anthu n'kuwomba m'manja. Galimoto zozimitsa moto zinatiperekeza, ndipo ndege inaimikidwa patali. Katundu sanaloledwe kutsika mpaka amisiri ataona chimene chinapha wailesizo.

Nditayatsa foni ndinapeza kuti amalume anaimba kasanu ndi kawiri.

"Atsiriza kalekale," anatero. "Abusa avala. Anthu akhala pansi. Uli pati?"

Ndinawauza.

"Bwera basi."

Bokosi linatuluka 4 koloko itatsala pang'ono. Titapitirira Lisungwi mvula inatipeza pachitunda, lole n'kumaterereka. Tinafika kutada kale, a kutali atabalalika.

Amalume anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anati dzuwa litapendeka adzukulu anadula thunthu la nthochi, n'kuligoneka m'mandamo, n'kuphimba ndi nthambi kuti asagone opanda kanthu. Koma anachoka osadya, ndipo mkulu wawo sanatsanzike aliyense. Amayi ndinawapeza atatsamira khoma m'nyumba ya siwa. Anagwira bokosi, kenako anandifunsa ngati nthochiyo ikwanire. Ine ndine wa mpingo, ndipo zinazi sindinena kuti ndimazikhulupirira. Ndinayankha kuti ikwanira, popeza adzukulu amadziwa ntchito yawo.

M'mawa mwake, mame asanaume, ndinagwira tambala m'khola langa, n'kupita ndi amalume kwa mkulu wa adzukulu. Tinamupeza akusula khasu pakhonde. Ndinanjuta, n'kuika tambalayo patsogolo pake.

"Ndamva kuti ndege yanu inagontha," anatero osandiyang'ana.

"Inagonthadi. Koma amene ananena kuti kumbani ndine."

Anamukweza tambalayo m'manja ngati akumuyesa kulemera, n'kumupereka kwa mkazi wake.

"Kawauzeni mayi anu adye phala," anatero. "Kenako mubwere kumanda, mudzaone tikuchotsa nthochiyo."

Ndinayamba ndi phalalo.